Mafuta onunkhira asatiiwalitse likodzo

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa timabotolo ta mafuta onunkhira a lavender, peppermint ndi sinamoni tomwe tikutsatsidwa pa WhatsApp ngati mankhwala a cham'mimba kwa atsikana. Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya m'mphepete mwa nyanja kuno ku Mangochi, ndipo mwezi sutha ndisanaone mtsikana wa Sitandade 7 atatsamira mutu pa desiki, chitenje atamanga zolimba m'chiuno, akukanika kunena vuto lake chifukwa anyamata ali pomwepo.

Ululu umenewu umabwera pamene thupi latulutsa ma prostaglandin, omwe amafinya chiberekero kuti magazi atuluke, n'chifukwa chake umakula tsiku loyamba ndi lachiwiri. Sindikukana kuti kusisita pamimba ndi mafuta a fungo lokoma kumaziziritsako ululuwo. Koma mafutawa ndi aukali: samwedwa, sapakidwanso okhaokha, ndipo madontho awiri okha ndi okwanira m'supuni yaing'ono ya mafuta a mpendadzuwa. Mwana wa mchemwali wanga anadzola a sinamoni osasungunula, pofika madzulo khungu linali litatuwa ndi matuza ngati wapsa ndi phala, wogulitsayo foni osayankhanso. Chonsecho Brufen, yemwe amachepetsa ma prostaglandin akamwedwa munthu atadya, ndi botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsalu, n'zotsika mtengo kuposa kabotolo ka mamililita 10 kameneko.

Chimene chandilembetsa kalatayi, komabe, ndi madzi athuwa. Atsikana athu amachapa, kutsuka mbale ndi kusambira m'nyanja ya Malawi, ya Malombe ndi mumtsinje wa Shire, momwe mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Mazira a tizilombo take amatha kukakamira m'njira ya chiberekero n'kuyambitsa kupweteka kwa chinena ndi kutaya magazi pakati pa mwezi, zomwe mayi wa ku Makanjira kapena ku Monkey Bay angazitenge ngati cham'mimba wamba, mwana n'kumangomupaka lavender chaka chonse pamene praziquantel, mankhwala a likodzo, akupezeka kwaulere m'zipatala za boma.

Ndikupempha amayi a mother group ndi anankungwi kuti mtsikana akadandaula, asanamupatse chodzola chilichonse, ayambe amufunsa ngati ululuwo umapitirira msambo utatha, ngati akuona magazi pokodza, ndipo akavomera amuperekeze kuchipatala sabata yomweyo.

Mphunzitsi wokhudzidwa,
Mangochi