Kugoneka m'chipatala mokakamiza mwana amene wasiya kudya si nkhanza

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko za anorexia, matenda a maganizo opangitsa munthu kukana kudya poopa kunenepa, amene ambirife timangoti ndi a azungu. Ine ndimasamalira odwala kuno ku England, mu wodi ya atsikana amene matendawa awagwira, ndipo poyamba nanenso ndinkati ana awa angokhuta moyo wabwino. Ndinalakwitsa.

Sikuti chakudya palibe ayi, mufiriji mwadzaza, koma mutu ukumuuza mwanayo kuti ndi wonenepa pomwe nthiti zikuchita kuwerengeka. Ndaonapo mtsikana akubisa buledi m'masokosi, wina kumwa madzi ambirimbiri asanakwere pa sikelo kuti anesi aziona ngati wanenepako, ndipo ukamufunsa amakuyankha mwaulemu ndithu kuti ali bwinobwino pomwe manja ake ali zii kuzizira, tsitsi likuthothoka. Ndiye munthu oteroyo timusiye asankhe yekha?

Kuno lamulo la Mental Health Act la 1983 limalola kumusunga m'chipatala ngakhale akukana, gawo la section 2 limalola mpaka masiku 28 omuyeza, la section 3 mpaka miyezi 6 ya chithandizo. Sizichitika mwachisawawa, pamafunika madokotala awiri komanso katswiri wina wovomerezeka, ndipo wodwalayo atha kuchita apilo ku tribunal, bwalo lapadera lounikanso nkhani zotere. Akakanitsitsa kudya amamulowetsa kachubu m'mphuno kukafika m'mimba. Ndipo sungangomuikira mbale yodzadza, thupi lomwe lakhala nthawi yaitali osadya likalandira zambiri kamodzi mchere wina wofunika m'thupi wotchedwa phosphate umatsika m'magazi mtima nkutha kuima, nchifukwa chake amayamba pang'onopang'ono uku akuyeza magazi.

Sindinama, zimawawa kuziona. Tsiku loyamba kugwira dzanja la mwana akukuwa kuti ndisiyeni ndimakudani nonse, ndinalira mubasi njira yonse yobwerera kunyumba, naye ndi mwana wa munthu ngati wanga. Koma yemweyo patapita miyezi ndinamuona akudya phala yekha, akudandaula kuti shuga wachepa. Matendawa amapha ndithu, Nikki Grahame wa pa pulogalamu ya pa TV ya Big Brother ya kuno anamwalira nawo mu 2021 ali ndi zaka 38.

Chomwe chimandipweteka mtima nchakuti ambiri amafika kwa ife mochedwa, thupi litatheratu, ndiye pamatsala kachubu komweko basi. Kwathu mtsikana akaonda anthu amayamba manong'onong'o a kachilombo kapena kuti amulodza, za matenda a maganizo palibe oziganizira, ndipo maganizo omwewo tabwera nawo kunjaku.

Makolo anzanga muli kuno, mwana akayamba kuthawa pa tebulo, kuvala majuzi akuluakulu ngakhale kukutentha, kuthamangira kubafa akangodya, musamukalipire kuti akudzimva. Pempherani inde koma mawa lake mupite naye kwa GP, dokotala wanu wa kudera, ndipo adokotala akanena kuti agonekedwe musalimbane nawo.

Ndine wanu,
Mayi wa ana awiri, Manchester