Khanda lilembetsedwe palokha pa inshuwalansi

Akonzi,

Makolo ambiri muno mu Mzuzu amaganiza kuti khadi la inshuwalansi ya zaumoyo la bambo kapena mayi limathandizanso khanda. Ayi ndithu. Mwana amalembetsedwa payekha. Tengani chiphaso chake chobadwira cha ku NRB (ofesi ya boma yoona za kalembera), dzazani fomu kuntchito kapena ku MASM (bungwe la inshuwalansi ya zaumoyo) kaya kampani ina, mufunsenso kuti adikira nthawi yaitali bwanji asanayambe kuthandizidwa.

Onetsetsani kuti abwana akutumizadi ndalama zimene amakudulani pamalipiro. Akalumphitsa miyezi khadi limatsekedwa, inu n'kudzadziwira pakauntala usiku, mwana ali kumbuyo thupi lili moto ndi malungo. Ku chipatala cha boma cha Mzuzu Central n'kwaulere, koma ku zipatala za mipingo (za CHAM) monga St John's mumalipira. Ngakhale khadi lilipo, nthawi zina pamatsala kandalama koti muwonjezere nokha.

Wowerenga wanu,
Chibavi, Mzuzu