Kalata yoyamikira a Wikimedia Foundation, kuchokera ku Katete

Katete,
Chigawo cha Kum'mawa,
Zambia.

Kwa akuluakulu a Wikimedia Foundation,
San Francisco.

Okondedwa akuluakulu,

Landirani moni kuchokera kwa ine, kwa aphunzitsi anzanga, ndi kwa ana amene ndimawaphunzitsa mbiri yakale pa sekondale ina kuno ku Katete. Tikukhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse amene mumagwira nawo ntchito. Ife kuno tili bwino.

Ndalemba kalatayi kuti ndikuthokozeni chifukwa cha Wikipedia, buku la pa intaneti lofotokoza zinthu zosiyanasiyana, lolembedwa ndi anthu odzipereka. Kuyambira pa 15 Januwale 2001, pamene a Jimmy Wales ndi a Larry Sanger anaiyambitsa, ndiponso kuyambira 2003 pamene bungwe lanu linakhazikitsidwa kuti liziisamalira, simunalipiritsepo munthu kuti awerenge, ndipo simunaikemo zotsatsa malonda. Mwina kwa anthu a m'mizinda ikuluikulu zimenezi sizidabwitsa. Kwa ife kuno ndi nkhani yaikulu kwambiri. Pa sukulu yathu buku limodzi la mbiri amaunjikana nalo ana ambiri, ena akuwerenga chozondoka chifukwa akhala mbali ina ya desiki. Laibulale yathu ndi makabati awiri okha, ndipo mabuku ambiri a mmenemo anasindikizidwa makolo a anawa asanabadwe. Ndalama ya bundle kholo limachita kuiganizira kawiri, chifukwa ndi yomweyo ya mchere ndi sopo. Tsamba la Wikipedia limatseguka ngakhale netiweki ikhale yofooka, ndipo silidya bundle ngati masamba ena odzaza ndi mavidiyo osapemphedwa. Zimenezi zokha ndi chifukwa chokwanira cholembera kalata.

Koma chimene chinatithandiza koposa ndi chilolezo chimene zolemba za pa Wikipedia zimayendera, chija cha Creative Commons, chimene chimalola aliyense kukopera, kusindikiza ndi kugawira ena, bola atchule kumene wazitenga ndi kusiya ufulu womwewo kwa otsatira. Mnzanga wophunzitsa sayansi anakwera basi kupita ku Chipata kumene intaneti ndi yolimba, nakakopera Wikipedia ya Chingerezi pa hard drive kudzera mu pulogalamu ya Kiwix. Ndikudziwa kuti a Kiwix ndi bungwe lina, la ku Switzerland, koma iwowo sakanatha kuchita zimenezi mukanatsekera zolembazo m'khola. M'chaka cha 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi akuthima pafupifupi tsiku lonse, ife tinkatchaja laputopu pa sola ya kunyumba kwa ahedi, n'kumaphunzitsa popanda netiweki iliyonse. Ana a kalasi la mayeso sanagone ndi mafunso awo.

Ndiloleni ndikufotokozereni chinthu chimodzi chimene ndinachiona ndi maso anga. Tinkaphunzira za ulendo wa Angoni kuchokera kumwera, motsogozedwa ndi Zwangendaba. Mtsikana wina, amene agogo ake amachokera kufupi ndi Mtenguleni, mudzi wa Angoni wa m'dera la Chipata, anakweza dzanja n'kunena kuti agogo akewo amati tsiku limene makolo awo ankawoloka Zambezi dzuwa linada masana, nkhuku n'kuyamba kulowa m'khola. Anzake ena anaseka, amvekere izo ndi nthano za pamoto. Ndinamuitana mtsikanayo kuti abwere pa laputopu afufuze yekha. Analemba dzina la Zwangendaba pang'onopang'ono ndi chala chimodzi, napeza kuti kuwoloka kuja kumaikidwa m'mwezi wa Novembala 1835, ndipo akatswiri amadziwa nthawi imeneyi chifukwa cha kadamsana amene anachitikadi. Anawerenga mokweza, kenaka anakhala chete, n'kuyang'ana anzake aja mmodzimmodzi. Lolemba lotsatira anabwera ndi masamba atatu a m'kope, atalemba zonse zimene agogo ake anamuuza za mfumu ya Angoni Mpezeni, za mwana wake Nsingo amene anaphedwa ndi Angerezi nkhondo ya 1898 itatha, ndi za mwambo wa Nc'wala umene unayambiranso mu 1980 utaleka kwa zaka zambiri. Palibe amene anamutuma. Kuyambira pamenepo ana a m'kalasi limenelo anasiya kuona agogo awo ngati anthu ongocheza chabe.

Aphunzitsi anzanga ena amadandaula kuti Wikipedia aliyense angathe kulembamo, ndiye siyodalirika. Ine ndimawayankha kuti chimenecho ndiye chimaipanga kukhala chida chabwino chophunzitsira. Buku losindikizidwa likalakwitsa, cholakwacho chimakhala mpaka bukulo litang'ambika, ndipo mwana sangadziwe kuti analemba ndani ndipo anazitenga kuti. Pa Wikipedia ndimawatsegulira ana tsamba la mbiri ya nkhaniyo, aone kuti uyu anawonjezera chiganizo ichi, wina anachichotsa, wachitatu anabweretsa buku lotsimikizira. Ndimawatsitsira pansi pa nkhani kuti aone magwero ake. Akapeza kachizindikiro kaja kofunsa umboni, amadziwa kuti apa mpofunika kusamala. Mwana amene waphunzira kufunsa kuti "wanena ndani, ndipo umboni uli kuti?" sanamizidwa msanga ndi mauthenga a bodza amene amazungulira pa WhatsApp, makamaka nyengo ya zisankho kapena kukabuka matenda.

Tsopano ndifike pa nkhani imene ili pamtima panga. Wikipedia ilipo m'ziyankhulo zoposa 300, ndipo Chichewa chathu chili m'gulu limenelo. Tsiku limene ndinaonetsa ana tsamba loyamba la Wikipedia ya Chichewa, anakondwa ngati aona m'bale wawo pa TV. Chimwemwecho chinachepa titayamba kufufuza. Ya Chingerezi ili ndi nkhani zoposa 7 miliyoni. Ya Chiswahili inadutsa kale 80,000. Abale athu olankhula Chitumbuka, amene tili nawo ku Lundazi ndi ku Chama, anatisiya kutali. Yathu nkhani zake zikungozungulira pa 1,000, ndipo zambiri ndi mizere iwiri kapena itatu. Komatu olankhula chiyankhulochi tilipo oposa 10 miliyoni, ku Malawi, kuno ku Zambia, ku Mozambique mpaka ku Zimbabwe. Apa sindikukudandaulirani inu ayi. Inu munatipatsa malo, makina osungira ndi zida zolembera, zonse kwaulere. Olemba ndiye tiyenera kukhala ife eni ake.

Choncho tinayambitsa kagulu ka ana kamene kamakumana Lachisanu masana. Ana atandifunsa kuti kodi anthu olembawo amalipidwa zingati, ndinawauza kuti ntchitoyi ili ngati dima: aliyense amabwera ndi khasu lake, kulima mzere wake, ndipo pofika madzulo munda wonse watha, ngakhale palibe mmodzi amene akanaumaliza yekha. Anamvetsa nthawi yomweyo, pakuti ambiri anakulira m'midzi imene zimenezi zimachitikabe.

Tinayamba ndi zimene zili pakhomo pathu. Mwambo wa Kulamba umachitikira ku Mkaika, pamtunda wochepa kuchokera pasukulu pathu, Loweruka lomaliza la Ogasiti, pamene mafumu a Achewa ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amabwera kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Ana anasonkhanitsa zimene mabuku ndi nyuzipepala zinalemba, n'kuziyala m'Chichewa chawochawo. Ena analemba za Chipata, kuti kale inkatchedwa Fort Jameson, kuti inali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911, ndi kuti inakwezedwa kukhala mzinda mu 2017. Mnyamata wina amene bambo ake amalima mtedza anaumirira kulemba za mtedza wa Chalimbana, ndipo analemba bwino kuposa onse, chifukwa amadziwa pobzala, popalira, pokumba ndi poyanika. Patapita masiku, tinapeza kuti munthu wina amene sitimudziwa, sitikudziwanso ngati ali ku Lilongwe kapena ku Tete, wakonza kalembedwe ka mawu ena n'kusiya uthenga waulemu wolimbikitsa mnyamatayo kuti awonjezere gwero. Mnyamatayo anauwerenga uthengawo kangapo. Aka kanali koyamba kuti munthu wamkulu wosakhala mphunzitsi wake awerenge zolemba zake n'kuzitenga ngati ntchito yeniyeni.

Pali malo amodzi pamene timapunthwa, ndipo ndikufuna muwadziwe. Lamulo la Wikipedia limafuna kuti chilichonse chikhale ndi gwero losindikizidwa. Ndikulimvetsa lamuloli ndipo ndimalilemekeza, chifukwa popanda ilo aliyense akanalemba kuti agogo ake ndiwo anali mfumu yeniyeni ya dera lakuti, ndipo mikangano ya ufumu tikuidziwa mmene imawotchera. Komabe nzeru zambiri za kuno zili m'mitu ya okalamba. Mayina a mitsinje ing'onoing'ono yothira mu Luangwa, mndandanda wa nyakwawa za mudzi, kaphikidwe ka chikanda, nyimbo za pamtondo, mitengo imene amayi amadziwa kuti khungwa lake limathandiza chakuti, zonsezi sizinalembedwe m'buku lililonse. Masamba atatu aja a mtsikana wa ku Mtenguleni, ambiri mwa iwo sitinathe kuwaika. Nkhalamba ikatisiya, zimapita nayo.

Njira imene tapeza ndi Wikimedia Commons, nkhokwe yanu ya zithunzi ndi mawu imene inayamba mu 2004. Kumeneko mwana angathe kuika chithunzi cha nkhokwe ya chimanga, cha lichero, cha mphika ukuumbidwa, kapena mawu a agogo akuimba, atapempha kaye chilolezo chawo ndi kuwafotokozera kuti anthu a dziko lonse adzamva. Mpikisano wa zithunzi wa Wiki Loves Africa unatilimbikitsa kwambiri pa zimenezi. Ndiponso tikukambirana ndi anzathu ogwira ntchito m'mawailesi a m'madera kuti mapulogalamu amene amacheza ndi mafumu ndi okalamba azisungidwa bwino, chifukwa chinthu chikaulutsidwa ndi kusungidwa poti wina angachipeze, chimayandikira kukhala gwero. Ngati bungwe lanu lingathandize mawailesi ang'onoang'ono a mu Africa kusunga mawu oterewa, mudzakhala mutatsegula khomo lalikulu.

Ndinenenso za Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse. Ana anafuna kulemba za gule, ndipo ndinawalola, koma tinagwirizana malire. Timalemba zimene zimaoneka pabwalo: kuti gule amavinidwa pa maliro, pa chinamwali, pa kulonga ufumu, kuti zilombo zimaphunzitsa khalidwe, kuti ng'oma ndi nyimbo zimayenda motere. Za kudambwe sitilemba, ndipo amene anavinidwa amadziwa chifukwa chake. Ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti nzeru ziyenera kugawidwa kwaulere, komanso ndimakhulupirira kuti eni mwambo ali ndi ufulu wosunga zimene makolo anati zisungidwe. Anthu a kuno akamalemba okha, ziwirizi zimayendera limodzi bwinobwino. Mlendo ndiye amalephera kudziwa polekezera.

Za m'tsogolo zimandidetsa nkhawa, sindikubisirani. Ana masiku ano akumafunsa mapulogalamu a AI, aja oyankha mafunso ngati munthu, pa foni, ndipo yankho limabwera losalala, lopanda dzina la wolemba, lopanda gwero. Mapulogalamu amenewa anaphunzira zambiri kuchokera ku Wikipedia yomweyi, thukuta la anthu odzipereka. Ndinawerenga zimene bungwe lanu linalengeza mu Okutobala 2025, kuti maulendo amene anthu amatsegula masamba a Wikipedia achepa ndi pafupifupi 8 peresenti poyerekeza ndi chaka chapitacho, ndipo mbali ina ndi chifukwa chakuti anthu mayankho akuwapeza kwina osafika pa gwero. Owerenga akachepa, olemba atsopano ndi opereka thandizo achepanso, pakuti mlembi aliyense anayamba ngati wowerenga. Kwa chiyankhulo ngati chathu vutoli ndi lowirikiza. Makina amaphunzira Chichewa kuchokera pa zochepa zimene zili pa intaneti. Munthu akatenga nkhani ya Chingerezi, kuiponya m'makina omasulira n'kuimata pa Wikipedia osaikonza, makina ena adzaphunzira Chichewa chopindikacho n'kuchibweza kwa ana athu ngati cholondola. Zofanana ndi zimenezi zinaonekera mu 2020 pa Wikipedia ya chiyankhulo cha Scots, pamene zinadziwika kuti nkhani zikwizikwi zinalembedwa ndi wachinyamata wa ku America amene sankachidziwa bwino chiyankhulocho. Anali ndi mtima wothandiza, koma eni chiyankhulo anavutika kukonza. N'chifukwa chake m'kagulu kathu lamulo ndi lakuti chiganizo chilichonse chiwerengedwe mokweza, ndipo ngati amayi ako kunyumba sangachimve, uchilembenso.

Pempho langa kwa inu ndi lochepa. Pitirizani kukana zotsatsa malonda. Masamba akhalebe opepuka kuti foni yotsika mtengo iwatsegule. Makampani akuluakulu amene amatunga m'zolemba zanu apitirize kukumbutsidwa kuti azitchula gwero ndi kubweza kenakake. Ndipo misonkhano ngati Wikimania, imene inachitikira ku Cape Town mu 2018 ndi ku Nairobi mu 2025, izikumbukiranso aphunzitsi a m'maboma akutali ndi malikulu, amene sangakwanitse tikiti ya ndege koma ali ndi ana ofuna kulemba.

Mutiperekereko zikomo kwa anthu onse odzipereka amene amakonza zolakwa usiku atachoka ku ntchito zawo, makamaka kwa uja amene analembera mnyamata wathu wa mtedza. Ngati wina wa inu adzapezeke ku Zambia kumapeto kwa Ogasiti, msewu wa Great East Road udzamufikitsa ku Katete. Adzafike, tidzapite naye ku Mkaika, ndipo ana a m'kagulu kathu adzamuonetse zimene alemba.

Ine wanu woyamikira,

Mphunzitsi wa mbiri yakale,
Katete.