Dandaulo kwa eni malo otchajira galimoto zamagetsi: tikulipira mphindi pa tchaja yofooka

Akuluakulu a kampani,

Ndikulemba pa tsamba lanu lino, pomwe aliyense angathe kuwerenga, chifukwa makalata awiri amene ndinakutumizirani pa imelo sanayankhidwe, ndipo nambala ya foni yomwe munamata pa tchaja yanu imangoitana mpaka kudula yokha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndine mmodzi wa anthu amene timatchaja galimoto pamalo anu otchajira mwachangu mumzinda wa Lilongwe, ndipo zambiri zimene ndifotokoze pano ndadzionera ndekha, pomwe zina ndazimva kwa anzanga amene timakumana nawo pamzere.

Galimoto yanga ndi Nissan Leaf ya batire la mayunitsi 40, yomwe ndinaitanitsa ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam nditatopa ndi kugona pamizere ya mafuta m'chaka cha 2022. Pa soketi wamba ya kunyumba galimotoyi imafuna maola oposa 15 kuti idzadze kuchokera pansi, ndipo zimenezo zimatheka ngati magetsi sanathime. N'chifukwa chake mutatsegula malo anu tinasangalala kwambiri. Magetsi tili nawo kale m'nyumba zathu, ndipo chimene chimatibweretsa kwa inu, n'kulolera kulipira mtengo wokwera, ndi changu basi.

Chikwangwani chanu chimanena kuti tchajayo imapereka mphamvu ya makilowati 60 (60 kW). M'miyezi yoyambirira galimoto yanga inkalandira pafupifupi 45 kW, ndipo kuchoka pa 20 peresenti kufika pa 80 peresenti zinkanditengera mphindi ngati 40. Kwa miyezi itatu tsopano sikirini ya tchajayo imangosonyeza 12 kW, nthawi zina 11. Masamu ake ndi osavuta. Kuchoka pa 20 kufika pa 80 peresenti pa batire langa ndi mayunitsi 24, ndipo mayunitsi 24 pa 12 kW ndi maola awiri athunthu. Popeza inu mumalipiritsa pa mphindi, mayunitsi omwewo amene ndinkalipira mphindi 40 tsopano ndikulipira mphindi 120. Ndiye kuti makina anu akamafooka ndalama zimene mumalandira kwa ine zimachuluka katatu, ndipo apa mpomwe pagona dandaulo langa lalikulu. Sindikunena kuti munachita kukonza dala, koma ndikufunsa kuti mwini malonda amene amapindula makina ake akawonongeka angafulumire bwanji kuwakonza.

Ndikudziwa yankho limene mungapereke, chifukwa mnyamata wanu wina anandiyankhapo kale kuti vuto ndi galimoto yanga. N'zoona kuti batire la Leaf silizizidwa ndi madzi monga la galimoto zina, ndipo likatentha galimotoyo imachepetsa yokha mphamvu imene ikulandira, makamaka m'nyengo yotentha ya Okutobala kapena munthu akatchaja mwachangu kawiri motsatizana. N'zoonanso kuti galimoto iliyonse imayamba kumwa pang'onopang'ono ikadutsa 80 peresenti, komanso kuti matchaja ambiri a zingwe ziwiri amagawa mphamvu galimoto ziwiri zikalumikizidwa nthawi imodzi. Pofuna kuti ndisakunamizireni, tsiku lina ndinalawirira 5 koloko m'mamawa, galimoto itagona usiku wonse osayenda, batire lili lozizira komanso lili pa 25 peresenti, pamalopo popanda galimoto ina iliyonse. Sikirini inasonyezabe 12 kW. Chithunzi chake ndili nacho, pamodzi ndi lisiti la tsikulo.

Ndiloleni ndifotokoze za tsiku limene linandichititsa kulemba kalata yoyamba. Linali Lachinayi, tsiku loika maliro a amalume anga kumudzi, kuseri kwa boma la Dedza. Kwathu magetsi anali atathima usiku, choncho ndinafika pamalo anu cha m'ma 8 koloko ndili ndi amayi anga m'galimoto, thumba la ufa wa pamaliro lili kumbuyo. Kupita ku Dedza ndi kubwerako ndi makilomita oposa 170, njira yake yopita ndi yokwera, ndipo sindikanayerekeza kunyamuka ndi batire lotsala pang'ono kutha. Ndinapeza galimoto ina ili pa chingwe cha CHAdeMO, chomwe ndi chokhacho chimene chimalowa pa Leaf, ndipo mwini wake anatha maola awiri. Itakwana nthawi yanga tchaja inakana kuyamba. Wogwira ntchito wanu panalibe. Amene anandithandiza ndi bambo mlonda, omwe anati, "Bwana, imeneyi ikuvuta kuyambira dzana, dikirani ndikaigwetse kuseriku n'kuidzutsanso." Anapita kuseri kwa bokosi, anathimitsa swichi yaikulu n'kuyatsanso, ndipo tinadikira kuti sikirini ibwerere, ine nditalipira kale pa foni. Amayi anakhala chete nthawi yaitali, akudzikupiza ndi nsonga ya chitenje chifukwa pamalopo palibe mthunzi, kenako anangoti, "Mwananga, chikhala nyemba bwenzi zitapsa kale." Tinanyamuka dzuwa litapendeka, ndipo tinafika kumudzi anthu akuchokera kumanda. Amayi sanaponye dothi pa bokosi la mlongo wawo.

Bambo mlondawo ndikuwathokoza, ndipo ndikupempha kuti asadzudzulidwe chifukwa cha kalata ino. Koma kodi n'koyenera kuti munthu amene munamulemba ntchito yolondera azigwira swichi ya makina a mphamvu zochuluka chonchi, wopanda maphunziro ake ngakhale magolovesi? Pa chingwe chomwecho, kachitsulo kotsekera pulagi kanathyoka ndipo wina anakamanga ndi tepi wakuda. Mvula ikayamba pamalopo padzakhala chithaphwi monga chaka chatha, ndipo ife tizidzagwira pulagi imeneyo titaima m'madzi.

Anzanga nawonso ali ndi zawo. Bambo wina woyendetsa takisi, amene amadalira maulendo a ku bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, anandiuza kuti anataya makasitomala awiri sabata imodzi chifukwa chokhala pa chingwe nthawi yoti akanakhala pamsewu, ndipo bwana wake amafuna ndalama ya tsiku yokwanira osamva za tchaja. Mayi wina amene anagula galimoto yochokera ku China anauzidwa pa foni, nthawi imene foniyo inkayankhidwa, kuti galimoto iliyonse imatheka, koma atafika anapeza kuti muli ndi zingwe za CCS2 ndi CHAdeMO zokha pomwe yawo imafuna pulagi ya GB/T, ndipo anabwerera ndi batire lotsala pang'ono kutheratu. Galimoto za petulo zimaimikidwanso pamalo otchajira eni ake n'kupita kokagula zinthu, popanda wowaletsa.

Za kuthima kwa magetsi sindikuimbani mlandu. Tonse tikukumbukira kuti namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022 dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo tikudziwa kuti magetsi athu ambiri amadalira mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira komweko. Tikudziwanso kuti zipangizo za makina ngati anuwa zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja zomwe n'zosowa, makamaka chigwetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ngati chigawo china cha m'kati mwa tchajayo chinapsa ndipo mukudikira china kuchokera kunja, tiuzeni. Ngati thiransifoma ya pamalopo ikulephera kunyamula katundu wake, kapena ngati nthawi zina mumayendetsa tchajayo pa jenereta yaing'ono, tiuzeninso. Chimene chikutipweteka n'chakuti tsamba lanu lino limangoika zithunzi zokongola za galimoto zikutchajidwa, pomwe munthu wochokera ku Area 25 kapena ku Likuni amatha batire lake lomaliza kubwera kwa inu n'kupeza sikirini yakuda. Uthenga wa mizere iwiri m'mamawa uliwonse, wonena ngati tchaja ikugwira ntchito ndiponso pa mphamvu yanji, sufuna ndalama zakunja.

Pempho langa loyamba ndi lakuti musiye kulipiritsa pa mphindi ndipo muyambe kulipiritsa pa yunitsi, monga momwe timagulira magetsi a m'nyumba komanso monga momwe timagulira petulo pa lita, pa mapampu amene a Malawi Bureau of Standards amayeza n'kumatapo chizindikiro. Tchaja yanu imawerenga kale mayunitsi amene yapereka ndipo imawaonetsa pa sikirini, choncho palibe makina atsopano amene mukufunika kugula. Ngati mukuopa anthu amene amasiya galimoto pa chingwe itadzadza kale, ikani chindapusa cha mphindi zimene munthu wachedwa kuichotsa, ndipo ife tidzagwirizana nazo chifukwa ndife amene timavutika pamzere. Kufikira mutakonza makinawo, fufutani 60 kW pa chikwangwani n'kulembapo mphamvu yeniyeni imene tikulandira. Pulagi yomangidwa ndi tepi ija isinthidwe mvula isanagwe, ndipo pakhale munthu wophunzitsidwa amene angayankhe foni ngakhale Loweruka ndi Lamulungu.

Ndikupemphanso kuti mutibwezere ndalama zimene tinalipira mopitirira m'miyezi itatuyi. Makina anu amasunga mbiri ya galimoto iliyonse imene inatchajidwa, nthawi imene inatha ndi mayunitsi amene inalandira, choncho kuwerengera kwake sikungakutengereni tsiku. Ine ndasunga malisiti 14 ndi zithunzi za sikirini, ndipo anzanga asanu ndi mmodzi avomera kupereka awo.

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ife tadekha miyezi itatu. Ndikupempha kuti muyankhe pansi pa uthenga uno, poyera, kuti onse okhudzidwa aone, osati kundiitanira kumbali. Pakatha masiku 14 popanda yankho, malisiti onsewa tidzawapereka ku bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission komanso ku bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta la MERA, pamodzi ndi chithunzi cha chikwangwani chanu chonena kuti 60 kW.

Ine kasitomala wanu,
Mwini Leaf yoyera imene imafika m'mamawa.