Lipoti la msonkhano wa kafukufuku wa mpunga: nthaka yosowa fosiforasi ndi madzi operewera

Wapampando ndi mamembala nonse,

Munandituma ku msonkhanowu kuti ndikamve ngati mpunga wopirira nthaka yoguga ndi chilala ulipodi kapena ndi nkhambakamwa chabe. Majini ake (tizigawo ta DNA timene timapatsa mbewu makhalidwe ake) apezeka ndipo amagwira ntchito, koma ambiri amathana ndi vuto limodzi, pomwe m'munda mavuto awiriwa amabwera atagwirana manja.

Nkhani inakhazikika pa mizu. Fosiforasi, mchere wa m'nthaka umene mbewu imafunika kuti ikule, sayendayenda kwenikweni m'nthaka. Amakhala m'dothi la pamwamba atamatirira ku ayironi ndi aluminiyamu, ndipo muzu uyenera kumufikira pomwe aliripo. Munda ukakhala m'madzi, ayironi amamasula gawo lina la fosiforasiyo. Madzi akaphwa, amamugwiranso. N'chifukwa chake mlimi amene wachepetsa kuthirira amatha kuona mpunga ukupinimbira, mphukira zochepa, masamba oonda obiriwira moderako, pa nthaka yomwe kale inkabereka bwino.

Pa fosiforasi, dzina limene linamveka kwambiri ndi PSTOL1. Jini imeneyi inachokera ku Kasalath, mpunga wamakolo wa ku India umene pawokha subereka zambiri. Matthias Wissuwa ndi anzake anazindikira dera lake pa kromozomu 12 (kromozomu ndi ulusi wa DNA wosunga majini) m'chaka cha 1998, pambuyo pake nalitcha Pup1, koma jini yeniyeniyo inalengezedwa mu 2012 ndi ofufuza a IRRI, bungwe la padziko lonse lofufuza za mpunga, ndi anzawo. Kuchedwaku kuli ndi chifukwa chodabwitsa: Nipponbare, mpunga umene majini ake ndiwo ankatengedwa ngati muyezo, ulibe PSTOL1. Ankafunafuna chinthu m'buku momwe sichinalembedwemo. Ntchito ya jiniyi ndi kukulitsa mizu mbewu ikadali yanthete, kuti ifwanthule dothi lambiri.

Pa chilala pali DRO1, ya pa kromozomu 9, yomwe gulu la Yusaku Uga ku Japan linalengeza mu 2013. Inachokera ku Kinandang Patong, mpunga wa kumtunda wa ku Philippines, ndipo imalozetsa mizu pansi. Ataiika mu IR64, mtundu wa mpunga wa mizu yosazama, mpungawo unabereka ndithu pa chilala choopsa chimene IR64 wamba anatulukamo pafupifupi chimanjamanja.

Apa mpamene panabuka mtsutso. Madzi ali pansi, fosiforasi ali pamwamba, ndipo mbewu ilibe mphamvu zopanda malire zomangira mizu kulikonse. Ena amati kuphatikiza majini awiriwa mu mbewu imodzi kuthetsa nkhani. Ena amati kaye tione zokolola za m'munda momwe mavuto onse awiri alipo nthawi imodzi. Ine ndili ndi achiwiriwa. Jini yomwe yachita zodabwitsa mu mtundu wina wa mpunga imatha kungoti zii ikaikidwa mu mtundu winanso, kapena pa dothi lina.

Panatchulidwanso qDTY12.1, dera la majini lothandiza zokolola pa chilala, lomwe linalengezedwa mu 2007 atakwatitsa mitundu iwiri ya mpunga, Vandana wa ku India ndi Way Rarem wa ku Indonesia. Mbali yothandiza pa chilala inachokera kwa Way Rarem, amene pa awiriwa ndiye sapirira chilala. Ndikanakhala wosunga mbewu, sindikanataya mtundu uliwonse poona maonekedwe.

Pa funso limene munandipatsira, loti kodi mpunga wotere ndi GMO (mbewu yosinthidwa majini mu labotale): majini onsewa ndi a mpunga womwewo, ndipo amasamutsidwa pokwatitsa mitundu, kenaka n'kuyeza DNA ya mbande kuti asankhe zimene zatengera. Dziwaninso kuti PSTOL1 sapanga fosiforasi, amangothandiza mbewu kutola amene alipo kale. Popanda kubwezeretsa ndi feteleza kapena manyowa, nthaka ipitirira kuguga.

Ndikupempha kuti tisanavomereze mbewu iliyonse yotchedwa yopirira, tifunse kuti inayesedwa pa dothi lotani, ndi madzi ochuluka bwanji. Tikhazikitsenso munda woyesera, chigawo china chothira fosiforasi china ayi, chothirira mokwanira ndi chochepetsa madzi, ndipo pokolola tikumbe mapando angapo tione kumene mizu yalowera. Nkhani ya munda umenewu ikhale pa ndondomeko ya msonkhano wathu ukubwerawu.