Chingerezi cha ku Liverpool si cholakwika

Akonzi,

Ndikutsutsa maganizo akuti Chingerezi chenicheni ndi cha owerenga nkhani pa BBC. Katchulidwe kameneko, ka Received Pronunciation, kanakulira m'sukulu za ana a anthu olemera monga Eton m'zaka za m'ma 1800, ndipo ngakhale ku England amene amalankhula choncho ndi ochepa.

Chigawo chilichonse chili ndi mbiri yake. Kalankhulidwe ka ku Liverpool kanasintha anthu a ku Ireland atakhamukirako pothawa njala imene inayamba mu 1845. Kumpoto kwa England, "cup" amamutchula ndi u wa mu "put", ndipo a wa mu "bath" ndi wamfupi. Kumeneku ndiko kutchula kwakale. Anasintha ndi akummwera, m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700. Ku Bristol r wa mu "farm" amamvekabe, pomwe ku London anamusiya kalekale.

Chimene chimanyozetsa ena ndi chuma ndi udindo basi. Mu 1941 BBC itapatsa Wilfred Pickles wa ku Yorkshire ntchito yowerenga nkhani, omvera ena anadandaula. A ku Birmingham amasekedwabe mpaka lero.

Anamwino athu opita ku Manchester azimvetsera mawayilesi akumeneko pa intaneti asananyamuke, chifukwa wodwala m'chipatala salankhula ngati wowerenga nkhani.

Wowerenga wanu,
Zomba