Ndinanama kuti ana amasiye adye, lero mtima sukundigoneka

Agogo,

Ndine bambo wa zaka 46, ndimakhala m'boma la Phalombe ndipo ndine mkulu wa mpingo. Nkhani iyi sindinaiuzepo abusa, ndipo mayi a kunyumba amangodziwa theka lake.

Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, madzi, matope ndi miyala zochokera m'phiri zinasesa nyumba zambiri kwathu kuno, anthu n'kuthawira m'makalasi a pasukulu ya pulayimale. Poti ndinafika folomu 4 ndipo dzanja langa limawerengeka, anandiika kukhala mlembi wa komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Ntchito yanga inali kulemba m'kaundula mabanja amene nyumba zawo zagwa, kuti akalandire ufa, nyemba, mafuta ophikira ndi mapulasitiki ofolera.

Kumunsi kwa nyumba yanga kumakhala mayi wina wamasiye amene akulera zidzukulu zisanu. Nyumba yake sinagwe, inangong'aluka khoma limodzi. Koma munda wake wonse unakwiririka ndi mchenga chimanga chitangoyamba kukhwima. Ife tinauzidwa kuti tilembe ogwa nyumba okha. Nditafika pakhomopo ndinapeza kamwana kakang'ono kakukanda mphika wa dzulo ndi chala. Ndinatsegula kaundula n'kulemba kuti nyumba inagwa. Usiku umenewo ndinagona tulo tabwino, Agogo, ndisakunamizeni.

Chaka chotsatira kunabwera ng'amba ija ya El Niño, mpaka mu Malichi 2024 a Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa dziko, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi ya njala. Itafika nthawi yogawa chimanga, banja lililonse lolembedwa linkalandira thumba limodzi la makilogalamu 50. Mayi uja analembedwa mwachilungamo ulendo uno, koma thumba limodzi pakamwa pa anthu asanu ndi mmodzi, opanda ndiwo, opanda ganyu, silifika patali. Tsono ali ndi mwana wamwamuna amene anapita ku Joni kalekale, satumiza kanthu, koma chiphaso chake cha unzika anachisiya m'sutikesi. Ndinamulemba mnyamatayo ngati banja lapalokha. Tsiku lolandira ndinaima pamzere ine mwini kuchitira umboni kuti mwini dzina wadwala, mphwake ndiye amutengere. Pakhomopo pankalowa matumba awiri. Ine sindinadyeko ngakhale mbale imodzi, ndipo mfundo imeneyi ndi yomwe ndakhala ndikudzitonthoza nayo.

Chimene ndinkachipewa kuchiganiza n'chakuti mudzi wathu unapatsidwa malo owerengeka. Dzina likalowa, lina limatuluka. Lomwe linatuluka ndi la madala wina woluka malichero, wa maso ofooka, amene amakhala yekha chimwalirire mkazi wake. Anabwera kwanga m'mawa wina atatsamira ndodo kudzafunsa chifukwa chake sanatchulidwe. Ndinamuyankha kuti akuluakulu a kuboma ndiwo adula mayina. Anangoti, "Chabwino alembi, mwina ulendo wina." Nyengo imeneyo anagulitsa mbuzi zake ziwiri, kenako anabwereketsa dimba lake kwa munthu wa geni kwa zaka zitatu pa ndalama yosakwana n'komwe matumba awiri. Mpaka lero tikakumana amandivulira chipewa. Bola akanamanditukwana.

Ndayesa kudziweruza ndi Baibulo, koma limandiponya uku ndi uku. Anamwino aja a ku Igupto, Sifra ndi Puwa, anamunamiza Farao kuti ana aamuna a Aheberi asaphedwe, ndipo Mulungu anawachitira zabwino. Rahabi anabisa azondi padenga n'kunamiza anthu a mfumu ya Yeriko, koma dzina lake lili pamndandanda wa anthu achikhulupiriro. Ndikawerenga zimenezi ndimapepukidwa. Kenako ndimakumbukira kuti amene anapusitsidwa kumeneko anali Farao, wopha makanda. Ine ndinapusitsa ndani? Bungwe lopereka chimanga silinataye kanthu, matumba ake anatuluka monga linawerengera. Amene analipira bodza langa ndi nkhalamba yopanda womuyankhulira. Ndipo Paulo pa Aroma 3:8 amakaniratu maganizo oti tichite choipa kuti chabwino chibwere. Komabe ndikaona ana asanu aja akupita kusukulu, onse amoyo, sinditha kunena ndi mtima wonse kuti ndikulapa. Munthu angalape chinthu chimene akudziwa kuti mwina angachichitenso?

Chandidzutsa tulo tsopano ndi ichi. Anyakwawa athu ankadziwa zonse, anangokhala chete. Mwezi watha anandiitana kuseri n'kundipatsa kapepala ka mayina anayi, onse a kubanja kwawo, ena ali ndi malata padenga ndi njinga yamoto ya kabaza. Akuti kaundula wina akadzabwera ndidzawalowetse. Nditakana anaseka, amvekere, "Njirayi munalambula ndinu, ife tikungodutsamo." Anawonjeza kuti mlandu suola. Ndinamva bwinobwino chimene ankatanthauza. Ngati kuti zimenezi sizikukwana, kumpingo akufuna kundisankha kukhala msungichuma, ati poti ndine munthu wokhulupirika.

Mayi a kunyumba, pa kachigawo komwe akudziwako, akuti ndingokhala chete, njala ilibe malamulo, ndipo aliyense wogwira cholembera amachita zomwezo. Mwina n'zoona, koma si aliyense amene amaima kuguwa Lamulungu n'kumaphunzitsa ana lamulo loletsa umboni wonama.

Njira zomwe ndikuziona zonse zili ndi minga. Ndikaulula kwa alangizi a kuboma, mayi wamasiye uja adzafufutidwa m'kaundula, mwinanso kumuuza kuti abweze zomwe alibe, pomwe sanandipemphe kuti ndimunamire. Ine ndikhoza kukathera kupolisi, ana anga n'kutsala pamtunda. Ndikatula pansi udindo mwakachetechete, cholembera chidzagwera m'manja mwa munthu wa anyakwawa, ndipo mayina anayi aja adzasanduka khumi. Ndikakhalabe, ndili pachingwe chawo.

Chaka chino ndakolola bwinoko. Ndaganiza zotenga matumba atatu ndi ndalama yowombolera dimba lija n'kukapereka kwa madala aja. Koma ndikawauze chiyani? Ndikanena kuti ndi mphatso chabe, adzandidalitsa ndi kundithokoza pa chinthu chomwe chinali chawo kale, ndipo limenelo lidzakhala bodza lachinayi. Ndikawauza zoona, m'mudzi muno nkhani siigona.

Agogo, ndithandizeni. Ndiyambire kwa ndani: madala aja, abusa, kapena aboma? Nanga za usungichumazi ndiwayankhe chiyani akulu anzanga, poti akufuna yankho pamsonkhano wa mwezi wamawa?

Ine mdzukulu wanu,
Mlembi wosowa mtendere,
Phalombe